Gula Kamunda Udikire: Zomwe Zinkagwetsa Ndege za Starfighter ku Germany

M'zaka za m'ma 1960 anthu a ku West Germany anali ndi nthabwala yoseketsa koma yowawa. Ankati ukafuna kukhala ndi ndege yakoyako ya Starfighter pamtengo wozizira, usavutike n'kupita ku kampani yoipanga ya Lockheed. Gula kamunda, ukhale pansi, udikire. Tsiku lina imodzi idzakugwera yokha.

Nthabwalayi sinabadwe pachabe. Gulu lankhondo la mumlengalenga la dzikolo, lomwe eni ake amalitcha Luftwaffe, pamodzi ndi nthambi ya ndege ya asilikali apamadzi, linalandira ndege 916 za mtundu wa F-104 Starfighter. Pomwe yomaliza inkatera mu 1991, ndege 292 zinali zitawonongeka pangozi ndipo oyendetsa 116 anali atafa. Pa ndege zitatu zilizonse, pafupifupi imodzi inathera pansi. Komatu m'zaka zonsezo Germany sinamenyane ndi dziko lililonse, ndipo palibe ndege ngakhale imodzi yomwe inagwetsedwa ndi mdani. Anthu anaipatsa mayina. Ena ankati Witwenmacher, kutanthauza chosandutsa akazi amasiye. Ena ankati Fliegender Sarg, bokosi lamaliro louluka. Oseka kwambiri ankati Erdnagel, chikhomo chokhomera pansi, poti inali yaitali, yosongoka kutsogolo, ndipo ikagwa inkazika mphuno m'nthaka.

Kuloza chala ndegeyo n'kosavuta, ndipo nyuzipepala zapanthawiyo zinachita zomwezo. Koma mayiko oposa khumi anayendetsa ndege yomweyi, ndipo si onse omwe anakhuta maliro chonchi. Ndiye funso lenileni si lakuti ndegeyo inali yoopsa kapena ayi. Inali yoopsa ndithu. Funso n'lakuti kodi Germany inachita nayo chiyani kuti kuopsako kusanduke imfa zochuluka chotere, ndipo inasintha chiyani kuti imfazo zichepe ndege ikadali yomweyo.

Tiyambe ndi chitsulocho. Amene anatsogolera ntchito yoikonza anali Kelly Johnson, injiniya wamkulu wa Lockheed. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea iye anakacheza ndi oyendetsa ndege zankhondo a ku America n'kuwafunsa kuti akufuna ndege yotani. Iwo anali atatopa ndi ndege za adani za MiG-15 zomwe zinkakwera m'mwamba msanga kuposa zawo, choncho anapempha ndege yopepuka, yaliwiro, yokwera ngati mphezi. Johnson anawapatsa zomwezo, mwinanso mopitirira. Ndegeyo inauluka koyamba mu 1954, ndipo inkatha kuthamanga kawiri kuposa liwiro la mawu, kupitirira makilomita 2,000 pa ola. Otsatsa malonda ake ankaitcha mzinga wokhala ndi munthu mkati.

Chinsinsi cha liwirolo chinali m'mapiko. Thunthu la ndegeyo linali lalitali pafupifupi mamita 17, koma kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake sipankakwana mamita 7. Mapikowo anali opyapyala moti mafuta sankalowamo, ndipo kutsogolo kwake kunali kwakuthwa osakwana theka la milimita, mpaka ndege ikaima amakaniko ankavekako zotchingira kuopa kudzicheka. Phiko laling'ono chonchi limang'amba mpweya bwino ndege ikamathamanga, koma silinyamula kanthu ikachepetsa liwiro. N'chifukwa chake Starfighter inkayandikira bwalo pa liwiro lopitirira makilomita 300 pa ola, ndipo ngakhale pamenepo inkafuna thandizo: mpweya wina unkapatutsidwa kuchokera mu injini n'kumawuzira pamwamba pa tizitseko ta kumbuyo kwa mapiko kuti ndege isamire.

Apa pali msampha womwe uyenera kumveka bwino. Injini inali imodzi yokha, ya General Electric J79. Ikazima, woyendetsa sankangotaya mphamvu yokankha ndege ayi, ankatayanso mpweya uja wothandiza mapiko. Ndege zina injini ikazima zimayandama kwa kanthawi, munthu n'kupeza poti atere. Iyi inkatsika ngati mwala. Kumchira kwa injiniyo kunalinso kamwa lotulukira moto lomwe linkakula ndi kuchepa malinga ndi mphamvu yofunika, ndipo nthawi zina linkakanirira lili yasaa, mphamvu yambiri n'kuthawa injini ikulirabe bwinobwino. Zikachitika ponyamuka, nthawi yoganiza kunalibe. Chinanso chinali chipsepse, kaphiko kopingasa kakumbuyo kothandiza kukweza ndi kutsitsa mphuno, chomwe chinali pamwamba penipeni pa mchira. Woyendetsa akakweza mphuno mopitirira, mapiko ankatchinga mpweya wopita ku chipsepsecho, ndege n'kudzuka yokha n'kuyamba kuzungulira mosawongoleka. Pofuna kupewa izi anaikamo kachipangizo konjenjemeretsa ndodo yowongolera ngati chenjezo, ndi kena kokankhira ndodoyo kutsogolo mwamphamvu kuti mphuno itsike. M'mwamba kutali, kameneka kankapulumutsa moyo. Pafupi ndi nsonga za mitengo, kutsitsidwa mphuno mwadzidzidzi si chipulumutso.

Ndiye mwaona: inali ndege yopangidwira kukwera m'mwamba kunja kukuwala, kukantha mdani, n'kubwerera. Germany inaigulira ntchito ina.

Luftwaffe yatsopano inakhazikitsidwa mu 1956, patatha zaka khumi ndi chimodzi dzikolo lili lopanda ndege zankhondo chigonjereni mu 1945. Inali nthawi yomwe America ndi Soviet Union zinkaopsezana usana ndi usiku, ndipo malire a mbali ziwirizo ankadutsa pakati pa Germany penipeni. Nduna ya zachitetezo, Franz Josef Strauß, inkafuna ndege imodzi yogwira ntchito zonse: yothamangitsa ndege za adani, yojambula zithunzi za malo awo, yomenya zombo panyanja, ndiponso, chachikulu pa zonse, yonyamula mabomba a nyukiliya a America pansi pa NATO, mgwirizano wachitetezo wa America ndi mayiko a kumadzulo kwa Ulaya. Panali ndege zina zopikisana nayo, monga Mirage III ya ku France ndi Super Tiger ya kampani ya Grumman, koma mu 1958 chisankho chinagwera Starfighter, ndipo mgwirizano unasainidwa mu 1959. Chodabwitsa n'chakuti mtundu womwe anagula, F-104G, panthawiyo unali usanapangidwe. Unali pamapepala. Anayenera kuulimbitsa thunthu, kuikamo rada yatsopano (chipangizo choonera zinthu zili kutali pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi) ndi makina ovuta odziwira njira popanda kuona pansi, n'kuupachika matanki ndi zida. Kulemera kunawonjezeka, mapiko aja n'kukhala omwewo.

Bomba la nyukiliya sungapite nalo kwa mdani uli pamwamba pomwe rada yake ikukuona. Umayenda chokwawa, m'zigwa, pansi pa mitambo. Taganizani muli m'kachipinda kopanikiza, mukuthamanga makilomita 900 pa ola. Sekondi iliyonse mwadutsa mamita 250. Kunja kuli chifunga cha kumpoto kwa Ulaya, kutsogolo kuli mapiri, nsanja ndi mbalame. Mwaweramitsa mutu masekondi atatu kuti muone mapu kapena kusintha wailesi, ndipo podzutsa mutu mwayenda kale mtunda woposa theka la kilomita osaona komwe mukupita. Ngozi zambiri za Starfighter zinali zotere: ndege yabwinobwino, injini ikugwira ntchito, kukaomba phiri kapena madzi.

Tsoka loyamba lomwe linagwedeza dziko lonse linachitika pa 19 June 1962 pafupi ndi bwalo la Nörvenich. Mawa lake kunali mwambo wosangalalira kuti gulu loyamba la ndegezi layamba ntchito, ndipo ndege zinayi zinkayeserera chionetsero chouluka mothithikana. Zinalowa mumtambo zikukhota, n'kutulukamo zitaloza pansi. Pouluka chonchi atatu otsatira sayang'ana pansi kapena pa zida zawo, amangoyang'ana phiko la wotsogolera, ndiye komwe iye anapita iwonso anapita. Onse anayi anafera pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo Luftwaffe inasiya kukhala ndi gulu la zionetsero zamtunduwu.

Koma ndege zinapitirira kubwera, mazanamazana, zambiri zikupangidwira ku Ulaya konko ndi makampani monga Messerschmitt, Fokker, Fiat ndi SABCA. Apa m'pamene ine ndimaona muzu wa nkhani yonse. Ndege zinkafika msanga kuposa anthu oziyendetsa, anthu ozikonza, ndi nyumba zozisungiramo.

Oyendetsa anali a mitundu iwiri. Panali akuluakulu omwe anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, odziwa ntchito koma atakhala zaka khumi osagwira ndodo, ndiponso ozolowera ndege za mtundu wakale. Panalinso anyamata ongoyamba kumene. Apakati, omwe m'magulu ena ankhondo ndiwo amalera achinyamata, kunalibe, chifukwa zaka zomwe akanaphunzira n'zomwe dzikolo linalibe ndege. Achinyamatawo ankakaphunzira Starfighter ku bwalo la Luke ku Arizona, m'chipululu momwe kumwamba kumakhala mbee pafupifupi chaka chonse. Akabwerera kwawo ankapeza mitambo yotsika, mvula ndi mdima wa nyengo yozizira.

Kumbali ya amakaniko zinthu zinali chimodzimodzi. Chuma cha West Germany chinkakula mofulumira, mafakitale ankalipira bwino kuposa usilikali, ndipo munthu waluso pa zamagetsi sankachedwa kuvula yunifolomu. Ambiri otsala anali anyamata olowa usilikali mokakamizidwa ndi lamulo, omwe nthawi yawo inkatha atangoyamba kuizolowera ndegeyo. Nyumba zosungiramo ndege zinali zochepa, choncho makina osakhwima aja ankagona panja, pamvula ndi pachisanu. Zipangizo zosinthira zinkasowa. Zotsatira zake, ndege zambiri zinkakhala pansi zikudikira kukonzedwa, oyendetsa n'kumauluka maola ochepa kuposa omwe NATO inkafuna. Woyendetsa wouluka mwa apo ndi apo dzanja limauma, ndipo Starfighter sinkakhululukira dzanja louma. Ngozi ikachitika, akuluakulu ankaimitsa kapena kuchepetsa maulendo, maola n'kucheperachepera, ngozi ina n'kubwera. Zinkangozungulira choncho.

Chaka cha 1965 chinali choipitsitsa: ngozi 27, anthu 17 n'kufa. Tinene kuti milungu iwiri iliyonse kunkamveka za ngozi. Mu December chaka chomwecho, woyendetsa wina ananyamuka ku Nörvenich n'kukomoka ali m'mwamba. Ndege inapitirira yokha ndi makina odziwongolera, kuloza kumpoto, kudutsa nyanja, mpaka mafuta anatha n'kukagwa pafupi ndi Narvik ku Norway. Pawailesi ankamuitana, iye osayankha.

Panalinso nkhani ya mpando. Ndege yankhondo ikalephereka, woyendetsa amakoka chogwirira, denga limachoka, mpando n'kumuponyera kunja kuti atsike ndi parachuti. Ma Starfighter oyambirira a ku America ankaponyera munthu pansi, kuopa kuti angaombe chipsepse chija, zomwe zinali imfa yokhayokha ngati ndege ili pafupi ndi nthaka. A ku Germany anali ndi mpando wa Lockheed wotchedwa C-2, woponyera m'mwamba, koma unkafuna kuti ndege ikhale ndi liwiro ndithu kuti parachuti itambasuke bwino, ndipo nthawi zina mpandowo ukalekana ndi munthu unkamuomba kapena kukola zingwe. Ngozi zambiri zinkachitika ponyamuka, potera kapena pouluka chokwawa, malo omwe mpandowu unali wofooka. Ena anatuluka bwino koma n'kukafera m'madzi ozizira a nyanja ya North Sea chifukwa zida ndi maphunziro opulumukira panyanja zinali zoperewera.

Odandaula analipo kuyambira pachiyambi. Wodziwika kwambiri anali Erich Hartmann, yemwe pa nkhondo yachiwiri anagwetsa ndege 352, kuposa woyendetsa wina aliyense m'mbiri. Iye ankanena poyera kuti Luftwaffe sinakonzekere ndege yotereyi. Akuluakulu sanakondwere naye, ndipo anapuma usilikali mu 1970 nthawi yake isanakwane. Mu August 1966 mkulu wa Luftwaffe yense, Werner Panitzki, anauza nyuzipepala kuti kugula ndegeyi chinali chisankho chandale, ndipo patangopita masiku ochepa anachoka pampando. Nduna ya zachitetezo panthawiyo inali Kai-Uwe von Hassel, yemwe ankaiteteza ndegeyo m'nyumba ya malamulo. Mu March 1970 mwana wake wamwamuna, woyendetsa ndege za asilikali apamadzi, anafa pangozi ya Starfighter.

Wolowa m'malo mwa Panitzki anali Johannes Steinhoff. Munthu ameneyu ngozi ya ndege ankaidziwa ndi thupi lake: mu April 1945 ndege yake ya Me 262 inayaka ponyamuka, ndipo nkhope yake inapsa moti zipsera anakhala nazo moyo wake wonse. Asanavomere udindo anaumirira kuti apatsidwe mphamvu zenizeni zosinthira zinthu, osati kumangodikira maofesi a unduna. Atalowa, anaimitsa ndegezo kwa kanthawi, kenaka n'kuyamba kukonza zinthu zomwe pazokha sizimveka zazikulu. Kuyambira mu 1967 mipando inasinthidwa n'kuikamo ya kampani ya ku Britain ya Martin-Baker, yotha kupulumutsa munthu ngakhale ndege itaima chilili pabwalo. Amisiri a m'makampani anabweretsedwa m'mabwalo kuti azigwira ntchito limodzi ndi asilikali. Nyumba zosungiramo ndege zinamangidwa, kapezedwe ka zipangizo kanakonzedwa, m'misewu yoterapo munaikidwa zingwe zokola ndege yolephera kuima, ndipo maphunziro opulumukira panyanja analimbikitsidwa. Obwera kuchokera ku Arizona ankayamba adutsa ku Jever, kumpoto kwa Germany, kukazolowera nyengo ya ku Ulaya asanapite kumagulu awo. Injini nayo inakonzedwa kuti woyendetsa azitha kutseka kamwa lija likakanirira.

Koma mankhwala ake aakulu anali omwe munthu wamba sangawayembekezere. Dziko lonse likulira kuti ndegezi zikhale pansi, iye ankati oyendetsa aziuluka, aziulukanso, aziulukabe. Ankaona kuti chomwe chikupha anyamata ake si kuchuluka kwa maulendo koma kuchepa kwake. Maola atachuluka, ngozi pa ola lililonse louluka zinatsika. Sizinathe ayi. Ndege zinapitirira kugwa m'zaka za m'ma 1970 mpaka m'ma 1980, ndipo zaka zina zinali zoipa ndithu. Koma za 1965 sizinabwererenso.

Apa ndiyenera kuima pang'ono pa nkhani ya kawerengedwe, chifukwa m'pomwe anthu ambiri amasochera akamakamba za chitetezo cha gulu lililonse la ndege zankhondo. Kunena kuti ndege 292 zinagwa kumagwedeza mtima, koma pakokha sikutiuza zambiri. Gulu la ndege 900 zouluka zaka 30 lidzataya zambiri kuposa gulu la ndege 20 zouluka zaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale onse atakhala osamala mofanana. N'chifukwa chake akatswiri amawerenga ndege zowonongeka pa maola 100,000 aliwonse ouluka. Ma Starfighter a ku Germany anauluka maola pafupifupi 2 miliyoni. Mukagawa, mupeza ndege pafupifupi 15 pa maola 100,000. Ndi chiwerengero chachikulu poyerekeza ndi ndege zankhondo zamakono, koma cha asilikali a America eni ake pa ndege yomweyi chinali choposa pamenepa. Ndipo ndege yomwe Starfighter inailowa m'malo ku Germany, F-84F Thunderstreak, inataya gawo lalikulu la ndege zake kuposa Starfighter, koma palibe anaipekera nthabwala za kamunda. F-84F inali ndege yotsika mtengo, yosatchuka, yopanda dzina la nduna pamphumi pake.

Mayiko awiri amathandiza kuona bwino. Canada inagwiritsa ntchito Starfighter ku Ulaya pa ntchito yomweyo youluka chokwawa ndi mabomba, mu nyengo yomweyo, ndipo inataya ndege 110, pafupifupi theka la zonse zomwe inali nazo. Oyendetsa ake sanali ongoyamba kumene ngati a ku Germany, komabe gawo lomwe anataya linaposa la Germany. Spain inali ndi ndege 21 kuyambira 1965 mpaka 1972, inauluka maola pafupifupi 17,000, ndipo sinataye ngakhale imodzi. Kumeneko ndegeyo inkagwira ntchito yomwe Kelly Johnson anaipangira, yothamangitsa adani m'mwamba, m'dziko ladzuwa. Komabe tisathamangire kuombera m'manja: pa mlingo wa ku Germany uja, maola 17,000 akanabala ngozi ziwiri kapena zitatu zokha, ndiye mwayi nawo ungakhale unathandizapo. Chomwe Canada ndi Spain zikusonyeza pamodzi n'chakuti ntchito yomwe ndege yapatsidwa imalemera kuposa dzina la ndegeyo.

Nanga bwanji anaisankha? Funsoli linadzukanso pakati pa zaka za m'ma 1970, pomwe komiti ya nyumba ya Senate ku America, yotsogoleredwa ndi Frank Church, inaulula kuti Lockheed inkapereka ziphuphu m'mayiko osiyanasiyana kuti igulitse ndege zake. Ku Netherlands, dziko lomwe linagulanso Starfighter, Prince Bernhard, mwamuna wa mfumukazi, anatula maudindo ake ausilikali mu 1976 chifukwa cha nkhaniyi. Ku Japan, yemwe anali nduna yaikulu, Kakuei Tanaka, anamangidwa pa nkhani ya ndege zonyamula anthu za kampani yomweyo. Ku Germany munthu wina yemwe ankagwirira ntchito Lockheed ananena kuti chipani cha Strauß chinalandira ndalama, koma kafukufuku sanapeze umboni, ndipo Strauß anakana mpaka imfa yake. Nkhani ya ziphuphu ndi yokoma kuikamba, koma ngakhale zikanakhala kuti panalibe ndalama yomwe inadutsa pansi pa tebulo, kugula ndege mazanamazana zomwe zinali zisanayesedwe, za gulu lankhondo lomwe linali lisanakwanitse zaka zitatu, kukanabala mavuto omwewa.

Chodabwitsa china n'chakuti ambiri mwa omwe anaiyendetsa ankaikonda. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ankati pouluka chokwawa inali yokhazikika kuposa ndege zina, chifukwa timapiko tija sitinkagwedezeka ndi mphepo, ndipo inkachita ndendende zomwe buku lake linanena. Vuto linali loti ukalakwitsa pang'ono sinkakupatsa mpata wachiwiri.

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ntchito zina za Starfighter zinayamba kupita kwa ndege za Phantom, ndipo m'ma 1980 zotsalazo zinatengedwa ndi Tornado. Zonse ziwirizi zinali ndi injini ziwiri ndi anthu awiri, wina woyendetsa, wina woyang'ana mapu, rada ndi zida, kuti woyendetsayo asamaweramitsenso mutu. Magulu ankhondo a Luftwaffe anasiya Starfighter mu 1987, ndipo yomaliza ya ku Germany inauluka pa 22 May 1991 ku Manching, pa bwalo loyeserapo ndege. Italy inapitiriza nayo mpaka 2004, zaka 50 chiulukireni yoyamba ija.